Setilaiti ikuti nkhalango yabwerera, amayi akuti inatha. Tebulo ndilipange bwanji pofika Lachinayi?

Tiyanjane

Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima ndipo nthawi yandithera. Ndili pa kafukufuku wa zaka zitatu kuno ku Dedza mbali ya Bembeke, midzi 6 yomwe yazungulira phiri limodzi ndi dambo la kumunsi kwake. Ndi kafukufuku wosakaniza uja, muli a zanthaka, a zamadzi, a zankhalango, mayi mmodzi wa zachikhalidwe cha anthu, ndiye alimi eni ake amene papepala tinalemba kuti ndi anzathu pa kafukufuku osati anthu ongowafunsa mafunso. Amene ndimagona kumudziko ndi ine, enawo amabwera kawiri katatu pachaka n'kubwerera.

Vuto lili apa. Mnyamata wathu wa GIS, wopanga mapu pa kompyuta, watumiza mapu awiri, a 2017 ndi a 2024, NDVI, muyeso wa kubiriwira kwa malo pa zithunzi za setilaiti, yakwera, akuti mitengo yabwerera paphiripo. Abambo a VNRMC, komiti ya m'mudzi yoyang'anira zachilengedwe, nawo akuti eee nkhalango ili bwino, tadzala mitengo yambirimbiri. Koma pa mapu ojambula pansi omwe tinapanga ndi magulu a amayi, midzi yonse 6 mosauzana, akuti nkhalango inatha. Bowa sakupezeka pomwe ankazula kale, masuku mpaka ukatsikire kuseri kwa phiri, kasupe wa kumtunda akumauma Seputembala pomwe kale ankakumana ndi mvula. Ndiye mkulu wa kafukufuku akufuna tebulo limodzi la zizindikiro likhale lokonzeka Lachinayi sabata yamawa pa wekishopu pa boma, ndipo wandiuza kuti za amayizo ndiziike kumapeto kwa lipoti pamutu wakuti maganizo a anthu, tebulolo likhale la manambala okhaokha. Zandiwawa kwambiri. Amayiwa anasiya madimba awo masiku atatu kukhala nafe pansi, ndinawauza ndi pakamwa pangapa kuti zonena zawo zikalowa m'zotsatira. Ndikabwererako ndi nkhope yanji?

Chachiwiri, malo obiriwira kwambiri pa mapu onse awiri ndi kumanda ndi kathengo ka pafupi pake komwe aliyense akudziwa kuti ndi kudambwe. A zankhalango akufuna tiikemo mapuloti 4, timalo toyezeramo mitengo, oti tiziyerekezera ndi ena onse. Ndawauza kuti sizophweka, iwo akuti ndingopempha amfumu.

Amene munapangapo zoterezi munaziphatikiza bwanji deta ya setilaiti ndi zonena za anthu? Musandiuze zokawerenga mapepala chonde, ndikufuna zomwe zinakugwirirani ntchito kumudzi.

Bambo Mbewe

Achemwali musadzivutitse. Ikani mapuloti basi. Ozungulira, tepi ya DBH yoyezera kunenepa kwa thunthu pa mita 1.3 kuchokera pansi, lembani mtundu wa mtengo uliwonse, werengani zitsa ndi zophukira. Mapuloti 30, masabata awiri mwamaliza ndipo mkangano watha. Ine ndagwira zankhalango kuno ku Ntcheu zaka zoposa 20 ndipo ndaona, munthu akangoona galimoto yolembedwa pachitseko amadziwa kale yankho loti apereke. Akamva kuti ndinu a bungwe anena kuti nkhalango yatha kuti pulojekiti ibwere, akamva kuti ndinu a boma anena kuti ili bwinobwino kuti musawalowere. Mtengo suona galimoto. Yezani mtengo.

Dalitso

Musanakangane ndi aliyense funsani kaye mnyamata wanuyo kuti zithunzizo ndi za mwezi uti komanso za setilaiti iti. Sentinel-2 kadontho kamodzi ka chithunzi ndi mamita 10, Landsat ndi 30, ndiye ndi timinda tathu ta kuno kadontho ka Landsat kamameza munda, phata la nthochi ndi denga la nyumba pamodzi. NDVI siidziwa mtengo, imangoona kubiriwira. Chithunzi cha Febuluwale chimawerenga chimanga ndi udzu ngati nkhalango. Ndipo ngati penapake wadalira za Global Forest Watch, webusaiti ya mapu a nkhalango ija, kumenekonso chilichonse chotalika kupitirira mamita 5 ndi mtengo basi, kaya paini wodzala kaya mombo wachilengedwe sizisiyanitsa. Anakapondako pansi kuti atsimikize kapena wangopangira pa laputopu ku Lilongwe?

Nangozo

Bambo Mbewe ndimakulemekezani koma apa ndakana. Midzi 6 mosauzana onse anganame bodza limodzi, lofanana mpaka malo? Munthu wofuna pulojekiti amati tilibe mbande, tilibe machubu, tilibe mawilibala. Sanena za bowa. Palibe pulojekiti inabwerapo ndi bowa.

Tiya mchemwali wanga, ine ndine mlangizi ku Linthipe ndipo chomwe ndikuona ndi chakuti abambo ndi amayiwo sakutsutsana, akunena nkhalango ziwiri zosiyana. Bambo akamati nkhalango amaona mapolo, matabwa, milimo ya nyumba, chinthu chogulitsa. Mayi akamati nkhalango amaona ndiwo, nkhuni zouma, mankhwala a mwana, masuku okagulitsa pamsewu mu Disembala pomwe m'nkhokwe mulibe kanthu. Onse akunena zoona. Ndiye taonaninso fomu yanu ya mafunso ya pa Kobo, pulogalamu yolembera mayankho pafoni ija, ngati imafunsa mutu wa banja ndiye kuti mwafunsa abambo okhaokha, pomwe midzi yambiri kuno ndi ya chikamwini, munda ndi wa kwa mkazi ndipo nkhani ya malo amalamula ndi atsibweni. Mkamwini ena safuna n'komwe kudzala mtengo pamunda poti ukwati ukatha ausiya pomwepo. Zimenezo setilaiti singakuuzeni.

Gift

Ine ndilankhule za kumanda zokha poti zinandionekera. Chonde chonde musayerekeze. Zaka zapitazo ndinkaperekeza mwana wa sukulu ya ukachenjede mbali ya Mtakataka, ankawerenga mitengo ikuluikulu, ndiye pa GPS yake mfundo imodzi inagwera pakathengo kena kokongola, mitengo yake italiitali. Ine ndinali mlendo kuderalo, sindinafunse. Tinangolowa mwina mamita 15, iye wayamba kale kukulunga tepi pamtengo, tinangomva mluzu kenako anyamata atizinga. Tinakhala pabwalo la amfumu kuyambira 10 koloko mpaka dzuwa kupendeka. Mbuzi imodzi, nkhuku ziwiri, GPS anaisunga masiku anayi, ndipo mudzi umenewo ndi wina woyandikana nawo anatikaniratu, deta ya dera lonselo inathera pomwepo. Safunsa anadya phula, ine ndinadya ndithu.

Ndipo zoti ingopemphani amfumu zikuonetsa kuti anzanuwo sakudziwa mmene zimakhalira. Amfumu atha kuvomera pamaso panu chifukwa cha ulemu, koma kumanda kuli adzukulu, kudambwe kuli atsabwalo, ndipo munthu wosameta salowako olo atakhala pulofesa. Inuyo monga mayi kungoifunsa nkhaniyi pagulu mwalakwa kale. Anzanuwo ndi mame, akamuka. Amene mutsale mukugona m'mudzimo ndi inu.

Tiyanjane

Zikomo nonse. Dalitso ndamuimbira, akuti ndi Sentinel-2, zonse ziwiri za Seputembala, anasankha dala kuthawa mitambo ndi chimanga. Pansi sanapondeko, bajeti yake ya ulendo inadulidwa. Ndipo inde zomwe a VNRMC anadzala ndi bulugama kwambiri, paini pang'ono kumtunda. Nangozo fomu imatidi mutu wa banja, ndachita manyazi, ndinaiona koma sindinalimbane nayo nthawi imeneyo. Gift ndamva, kumeneko sindikupitako.

Dalitso

Ndiye yankho mwalipeza theka. Seputembala mitengo yambiri ya chilengedwe ya kuno imakhala itayoyola masamba kapena ikungoyamba kuphuka tofiira tija, pomwe bulugama ndi paini zimakhala zobiriwira chaka chonse. Ndiye mukadula mombo n'kuikapo bulugama, chithunzi cha Seputembala chionetsa kuti zinthu zakoma pomwe nkhalango yeniyeniyo yachoka. Mnyamatayo sanalakwitse masamu, funso lomwe anafunsa makinawo ndi lomwe linali lolakwika. Muuzeni asiyanitse yodzala ndi yachilengedwe, atenge zithunzi za miyezi ingapo, Meyi, Seputembala, Novembala, aone madontho omwe amasintha ndi omwe sasintha. Koma popanda mfundo za pansi olo 50 zokha zotengedwa ndi foni azingolota. Ndipo izi pofika Lachinayi sizitheka, musamulonjeze munthu.

Bambo Mbewe

Mwaona? Mfundo za pansi. Ndi zomwe ndanena zija. Setilaiti yanama, ndipo anthu nawo sitingawadalire, chotsala ndi tepi. Mukanaika mapuloti chaka choyamba bwenzi mukudziwa kale kuti bulugama ndi angati, mombo ndi angati. Nangozo mukuti palibe pulojekiti ya bowa, chabwino, koma anthu amadziwa kuti ukadandaula kwambiri ndi pomwe mudzi wako umasankhidwa. Ine ndinaona ku Tsangano mudzi wonse kulumbira kuti kulibe mtengo olo umodzi, titakwera phiri tinapeza zophukira zofika m'chiuno mahekitala ndithu. Akanakhala kuti tinangolemba zonena zawo bwenzi titawononga ndalama kudzala mbande pamalo pomwe pankangofunika kuteteza ku moto ndi mbuzi.

Chifundo

Ndilowepo pa za bowa chifukwa apa amayiwo akupatsani deta ya sayansi yeniyeni ndipo anzanuwo akufuna kuitaya kumapeto kwa lipoti. Bowa wambiri wa m'nkhalango zathu, manyame, ndelema ndi anzake, samera paliponse ayi, amakhala molumikizana ndi mizu ya mitengo ina yake, mombo, tsamba, msuku. Bowa amathandiza mtengo kukoka madzi ndi michere m'nthaka, mtengo umampatsa chakudya. Mukachotsa mitengo imeneyo bowa ameneyo amapita nayo, ndipo kudzala bulugama sikumubweza. Ndiye mayi akati pano tinkazula manyame pano sitizulanso, wakuuzani kuti mitundu ya mitengo pamalopo yasintha, chomwe NDVI yalephera kuona.

Koma samalani pofunsa. Bowa wa pachulu ndi nkhani ina, ameneyo amayenda ndi chiswe osati mizu, ndiye musawaunjike pamodzi. Funsani dzina lililonse palokha, ankapezeka pati, pansi pa mtengo wanji, anasiya liti. Komanso mayina amasintha, dzina lomwe ku Bembeke akutchula bowa uyu ku Golomoti litha kukhala la wina, jambulani zithunzi mvula ikagwa. Ndipo chaka cha mvula yochepa bowa amachepa olo mitengo ilipo, ndiye musadalire chaka chimodzi.

Esinati

Ine ndi wa zamadzi, ndichenjeze pa kasupeyo. Ndikuona mmene nkhani ikupitira, mawa mulemba kuti bulugama waumitsa kasupe. Mwina ndi zoona, bulugama amamwa madzi kwambiri makamaka akadzalidwa pafupi ndi pomwe madzi amatumphukira, koma simunayeze. Kumbukirani kuti mvula ya 2023/24 inali ya El Niño, malo ambiri akasupe anauma msanga chaka chimenecho olo popanda bulugama. Ndiye kumtunda kwa dambolo kuli madimba angati tsopano poyerekeza ndi 2017? Kachewere wa m'chilimwe, kabichi, tomato, ena agula mapampu a injini ndi a sola, madzi onsewo akuchoka pamalo amodzi. Mizere ya m'minda ya paphiri ikutsata akalozera kapena ikutsetsereka ndi phiri? Zonsezi zimaumitsa kasupe.

Chophweka chomwe mungayambe mawa, chidebe cha malita 20 ndi wotchi ya pafoni, munthu mmodzi wa m'mudzimo aziyeza kuti chikudzaza masekondi angati, tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse m'mawa anthu asanayambe kutunga, ndi choyezera mvula chimodzi pasukulu. Zaka ziwiri mukhala ndi chonena. Koma mukaimirira pa wekishopu n'kunena kuti bulugama ndi amene wapha kasupe, dziwani kuti mwaloza chala abambo a VNRMC pamaso pa amfumu awo, anthu omwe anadzala zomwe anapatsidwa ndi ife tomwe a maofesi. Ine zinandichitikira kwina, komiti yonse inatula pansi udindo sabata yomweyo ndipo chaka chimenecho phiri linapsa lonse poti panalibe wolambula njira zotchinga moto.

Mayi Banda

Mwana wanga Tiyanjane, ine ndakhala mbali ya zachikhalidwe m'makafukufuku otere kangapo ndipo bokosi la maganizo a anthu ndimalidziwa bwino, ndi komwe amakataya chilichonse chomwe sakudziwa kuti achiwerenge bwanji. Usalimbane ndi mkulu wakoyo pa mfundo yoti tilemekeze amayi, akuvomera ndi mutu koma tebulo silisintha. Mupatse tebulo lomwe akufunalo, koma mzere uliwonse uyambe ndi chizindikiro chomwe anthu anatchula, kenako pambali pake njira yochiyezera, kenako amene aziyeza. Bowa wakutiwakuti, mitundu ya mitengo m'mapuloti. Nkhuni zatalikira, maola ndi mtunda, ungoyenda nawo amayi atatu ulendo wa kunkhuni foni ili m'thumba ikulemba njira. Kasupe, chidebe cha Esinati chija. NDVI nayo ikhale mzere umodzi mwa mizereyo osati mfumu ya tebulo. Pomwe zikutsutsana usazikakamize kugwirizana, lemba kuti apa zatsutsana ndipo chifukwa chake tikuganiza kuti ndi ichi. Kutsutsanako ndiye chotsatira chachikulu chomwe kafukufuku wanu wapeza mpaka pano, chachikulu kuposa mapu aja.

Ndipo dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030 pansi pa AFR100, mgwirizano wa mayiko a mu Africa wobwezeretsa nkhalango ndi malo oonongeka. Ngati tiziwerenga bulugama aliyense ngati nkhalango yabwerera tidzafika pa nambala imeneyo amayi akuyendabe maola atatu kukafuna ndiwo. Umuuze zimenezo, anthu a mapepala amamva msanga ukawaonetsa kuti nkhani yawo ndi yaikulu kuposa midzi 6.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi wekishopuyo. Pa boma, mu holo, masilaidi a Chingerezi eti? Akubwera ndani? Ndikhoza kukuuza ndisanaone mndandanda, amfumu, apampando a makomiti a chitukuko a m'midzi (VDC) ndi a VNRMC, a komiti ya chitukuko ya dera (ADC), ndi amayi awiri omwe akhale kumbuyo osayankhula tsiku lonse. Amene anajambula mapu pansi aja sadzakhalapo.

Bambo Mbewe

Mayi Banda tebulo lanulo ndi labwino koma taonani mzere uliwonse ukuthera pati. Bowa, mapuloti. Nkhuni, kuyeza. Kasupe, kuyeza. Ndiye tikubwerera pomwe ndinayambira. Bwanji osangoyamba ndi kuyeza n'kusiya misonkhano yodya masiku atatu?

Nangozo

Chifukwa popanda amayiwo simukanadziwa choti muyeze bambo. Mukanaika mapuloti 30 anuwo mwa kompyuta, theka n'kugwera mu bulugama, n'kutuluka ndi lipoti loti mitengo pa hekitala yachuluka. Puloti iikidwe pomwe mayi waloza kuti apa ndi pomwe tinkazula, ina pomwe akuzulabe, muyerekeze.

Zimenezi si zachilendo kuno. Nthawi ya pulojekiti ya kafukufuku wa zaulimi ya Africa RISING, yomwe inayamba kuno 2012, ku Linthipe ndi Golomoti komanso Kandeu ndi Nsipe ku Ntcheu kunali minda ija ya mayi ndi ana, munda waukulu woyeserera uli ndi njira zonse kenako mlimi aliyense amatengako ziwiri zitatu kukayesa pamunda pake mmene akufunira. Nandolo ndi mtedza m'munda umodzi, chaka chotsatira chimanga. Chomwe ine ndinaphunzira pamenepo ndi chakuti sikelo imakuuza makilogalamu koma mlimi amakuuza chifukwa chomwe adzalenso kapena ayi. Amayi ankakonda nandolo chifukwa cha ndiwo ndi mitengo yake yophikira, ena ankamukana chifukwa amacha mochedwa ndipo anthu akakolola chimanga amamasula mbuzi, nandolo yense n'kuthera m'mimba mwa mbuzi za eni. Vuto limenelo silinali la mbewu kapena nthaka, linali la malamulo a m'mudzi, ndipo komwe amfumu anakhwimitsa za ziweto ndi komwe nandolo anakhala. Tepi ingakuuzeni zimenezo?

Yamikani

Palibe watchula za malamulo ndiye nditchule. Ngati mitengo yachilengedwe inachoka paphiripo ndiye kuti wina anaidula, ndipo mwina ndi makala. Lamulo la zankhalango la 1997 linasinthidwa mu 2020 ndipo zilango zake pano ndi zowawa, anthu akudziwa. Ndiye mukamayenda ndi amayi foni ikulemba njira monga anenera Mayi Banda, onetsetsani kaye kuti njirayo sikulowa m'nkhalango ya boma, chifukwa mukhala mwapanga umboni woti mayi uje amatola nkhuni malo oletsedwa, tsiku ndi ola zili pomwepo. Kobo nayo ngati munaika funso la GPS ndiye kuti yankho lililonse la makala lili ndi khomo la mwini wake. Pa wekishopu padzakhala a ofesi ya zankhalango. Musaonetse mapu okhala ndi timadontho ta nyumba, musaonetse mauvuni a makala. Onaninso chilolezo chanu cha ku NCST, bungwe la boma loona za sayansi ndi kafukufuku, ndi fomu yomwe anthu anasainira kuti inalonjeza chiyani pa chinsinsi, ndipo ngati mukuonjezera njira yatsopano yotolera deta mwina pafunika kuwadziwitsa.

Ine ndinataya mudzi wathunthu chifukwa cha zotere. Tinafunsa za makala mwaulemu, anthu anatiuza zoona, patatha milungu itatu kunachitika chipikisheni chomwe ife sitinkachidziwa n'komwe, matumba analandidwa, njinga zinapita. Mpaka lero kumeneko amati ndife tinawapereka.

Gift

Kuonjezera pa za kumanda zija, ngati a zankhalango akakamirabe, njira yokhayo yomwe ndinaonapo ikuyenda ndi yoti amuna a m'mudzi momwemo amene ali ololedwa aphunzitsidwe kugwira tepi akayeze okha, inu mulandire manambala ndi mayina a mitengo basi, popanda GPS popanda chithunzi. Ndipo zikambidwe mwakachetechete kudzera kwa mkulu mmodzi, osati pamsonkhano. Akakana mwakana nawo. Anzanu ochokera kutaliwo muwatengereko ku Chongoni akaone zojambula pamiyala zija, malo 127, UNESCO inawalemba mu 2006, zina mwa izo ndi za chinamwali ndi gule. Mwina akaona ndi maso amvetsa kuti kuno thengo ndi mwambo sizinayambe zasiyanapo.

Chifundo

Komanso kumanda si malo abwino oyerekezera olo atakulolani. Ndi kachigawo kakang'ono, mphepo ndi dzuwa zimalowa mbali zonse, nthaka imakumbidwakumbidwa, mitengo ina anachita kudzala. Kuli bwino mupemphe ku ofesi ya zankhalango muike mapuloti oyerekezera mkati mwa nkhalango ya Chongoni kapena Mua-Livulezi pamalo ofanana kukwera kwake ndi phiri lanulo.

Bambo Mbewe

Apo ndiye ndagwirizana nazo, mapuloti m'nkhalango ya boma, ndipo muike zikhomo zachitsulo pansi pa nthaka osati malata pamtengo, malata amachotsa ana sabata yomweyo. Koma ndibwerezenso achemwali, pa Lachinayipo musakaimirire ndi nkhani za bowa mulibe nambala olo imodzi, akakusekani. Pitani Lolemba ndi Lachiwiri mukaike olo mapuloti 6, atatu mu bulugama atatu m'zotsalira zachilengedwe. Mukhale ndi pepala m'manja.

Ndipo bulugama musamunyoze kwambiri. Popanda iyeyo bwenzi mitengo yachilengedwe yotsalayo itatha kalekale, anthu amangira chiyani, aphikira chiyani? Vuto ndi pomwe anadzalidwa.

Yamikani

Pamenepo zoona. Kwathu anthu akulipirira ana fizi ndi mapolo. Kungoti nazale zambiri timapereka mbewu yomwe ilipo osati yomwe ikufunika, msuku ndi mombo kufesa kwake n'kovuta ndipo zimakula pang'onopang'ono, pulojekiti ya zaka zitatu imafuna mtengo woti ujambulidwe chaka chachiwiri. N'chifukwa chake ine pano ndimalimbikira zosamalira zitsa ndi zophukira, kupatulira n'kusiya mphukira ziwiri zitatu, mizu ilipo kale. Koma opereka ndalama amafunsa kuti mwadzala ingati.

Tiyanjane

Pepani ndinali kopanda netiweki. Ndawerenga zonse kawiri. Tebulo ndiyesa mmene anenera Mayi Banda usiku uno. Mndandanda wa wekishopu ndauona, mwa anthu 34 amayi a m'midzi ndi atatu ndipo palibe olo mmodzi wa magulu aja, akuti bajeti ya alawansi ndi thiransipoti inatha. Ndapempha kuti tichotse anthu ena a maofesi kapena Lachitatu tikachite kaye kamsonkhano kumudzi pansi pa mtengo m'Chichewa, mkuluyo akuti tiyankhulane mawa pafoni. Bambo Mbewe mapuloti 6 ndiyesa ngati njinga ipezeke mafuta. Yamikani mwandiopsa, fomu yathu ili ndi GPS pa nyumba iliyonse ndipo funso la makala lilimo.

Mayi Banda

Kamsonkhano ka kumudziko usakaitanitse kudzera kwa apampando a VNRMC, abweretsa akazi awo ndi alongo awo. Dzera kwa amayi omwe aja. Ndipo za alawansi unene poyera tsiku loyamba kuti kulibe kapena kuli zingati, ukabisa zidzakutsata mpaka kafukufuku atha. Ine kwina anandibweza pakhomo la tchalitchi anthu 60 atamva kuti a mudzi woyandikana analandira ndipo iwo angomwa Fanta.

Bambo Mbewe

Nkhani ya alawansi ndi yomwe ija ndimanena. Munthu wobwerera alawansi akuuzani chilichonse. Mafuta a njinga akasowa kwerani kabaza, mapulotiwo musawasiye.

Esinati

Tiya zinatha bwanji Lachinayi? Chidebe chija mwayamba?

Dalitso

Nanenso ndikudikira, mnyamata wa GIS uja ngati akufuna ndimuthandize kusiyanitsa bulugama andipeze. Pakali pano alipo ali ndi tepi ya DBH ndi kilinomita yoyezera kutalika kwa mitengo pa Dedza boma woti andibwereke mpaka Lachisanu? Yathu ina inaduka ina anapita nayo ku Kasungu. Ndikutsikira ku Golomoti Lachiwiri, amene wadutsa Khwekhwelere masiku ano andiuzeko ngati msewu uli bwino pa njinga.